Nkhani ya Napster: Mmene Nyimbo Zinakhalila za Mahala, na Amene Anadyapo

Ngati muli na zaka zosakwana 25, mwina simunagulepo nyimbo na ndalama yanu. Mumaipeza pa YouTube, pa Boomplay, mu gulupu ya WhatsApp, olo mnzanu amakutumilani pa Bluetooth muli mu minibasi. Cimaoneka monga ni mmene zinthu zakhalila kuyambila kale, koma si conco. Panali nkhondo ikulu pakati pa makampani a nyimbo na anyamata a makompyuta, ndipo zotulukapo zake ndizo zicititsa kuti lelo woimba wa mu Matero olo mu Chawama akhale na nyimbo imene komboni yonse ivina, koma m'thumba mulibe kanthu.

Nkhani iyambila ku Germany. Akatswili a ku Fraunhofer Institute mu tauni ya Erlangen, mmodzi wa iwo Karlheinz Brandenburg, anali kufuna njila yocepetsela kukula kwa fayilo ya nyimbo. Pa CD, mineti imodzi ya nyimbo imadya mamegabaiti pafupi-fupi 10. Iwo anaona kuti khutu la munthu silimva zonse zimene zili mu nyimbo. Mwacitsanzo, kaphokoso kang'ono kamene kalila pa nthawi imodzi na ng'oma yamphamvu kamabisika. Ukacotsa zosamveka izo, fayilo imacepa pafupi-fupi kakhumi, ndipo womvela wamba saona kusiyana kwenikweni. Mu 1995 anaipatsa dzina lakuti .mp3. Nyimbo ya mamineti anayi inacoka pa mamegabaiti 40 kufika pa 4 cabe, ndipo apa inakwanitsa kuyenda pa intaneti ya masiku aja, imene inali kudutsa mu waya wa foni ya landline.

Vuto inali kuipeza. Mafayilo a MP3 anali mbwee pa intaneti, malinki ambili anali akufa. Shawn Fanning, wophunzila wa zaka 18 pa Northeastern University ku Boston, analemba pulogilamu yothetsa vuto imeneyi, ndipo anaitulutsa mu June 1999 pamodzi na mnzake Sean Parker. Anaicha Napster, dzina imene anzake anali kumuitana nayo. Maseŵenzedwe ake anali osavuta. Ukaika Napster pa kompyuta yako, inali kuona nyimbo zimene uli nazo na kutumiza maina ake ku kompyuta ikulu ya kampani. Wina akafufuza nyimbo, kompyuta ikulu ija inali kumuuza amene ali nayo, ndiyeno nyimbo inali kucoka pa kompyuta ya munthu uyu kupita pa ya munthu uja. Kampani sinali kusunga nyimbo olo imodzi. Inali kusunga cabe mndandanda, monga munthu woimilila pa geti ya msika amene auza anthu kuti cakuti mudzacipeza pa thebulo yakuti.

Kuti mumvetse cifukwa cake anthu anathamangilako, onani mmene malonda analili. Makampani asanu, Universal, Sony, Warner, EMI na BMG, ndiwo anali kulamulila malonda a nyimbo pa dziko lonse. Ukakonda nyimbo imodzi, kambili unali kugula CD yonse pa madola 15 kapena kuposapo. Mu 1999 malonda a nyimbo ku America anafika pa madola 14.6 biliyoni. Mu May 2000, bungwe ya boma yoyang'anila malonda, Federal Trade Commission, inalamula makampani asanu aja kuleka mapangano amene anali kuletsa mashopu kulengeza mitengo yotsika ya ma CD. Conco acicepele ambili sanali kudziona monga akawalala. Anali kuona kuti iwo ndiwo akhala akubeledwa. Pa mayunivesiti, pamene intaneti inali yothamanga, Napster inadzaza malaini mpaka masukulu ena anaitseka. Pofika February 2001, anthu oposa 26 miliyoni anali kuiseŵenzetsa.

Makampani sanacedwe. Mu December 1999, bungwe yawo ya RIAA inapeleka Napster ku khoti. Koma mlandu umene anthu akumbukila kwambili ni wa gulu ya Metallica. Oimba awa anadabwa kumva nyimbo yawo "I Disappear", imene anali asanatsilize, ikulila pa mawailesi. Atafufuza anapeza kuti yafalikila kupitila pa Napster. Mu April 2000 anasumila kampaniyo, ndipo mwezi wotsatila woliza ng'oma wawo, Lars Ulrich, anapeleka yekha mabokosi a mapepala ku ofesi ya Napster. Munali maina oposa 300,000 a anthu amene anali kugaŵana nyimbo za Metallica, ndipo anthu amenewo anatsekeledwa. Dr. Dre nayenso anasuma. Mafani ambili anakalipa, ati anthu olemela kale afuna kulanga owakonda. Koma mfundo ya Ulrich inali yomveka: palibe anamupempha. Woimba ndiye afunika kusankha tsiku yotulutsa nyimbo yake na mtengo wake.

Si oimba onse anali mbali imodzi. Chuck D wa Public Enemy anali kukamba poyela kuti Napster ni wailesi yatsopano, ndipo ithandiza oimba amene makampani akulu sawayang'ana. Alubamu ya Radiohead ya Kid A inafika pa Napster isanatuluke mu mashopu, koma itatuluka mu October 2000 inakhala nambala wanu ku America. Mkangano uwu tiudziŵa bwino kuno kwathu. Wina akamba kuti kugaŵana nyimbo ni kuba, wina akamba kuti ndiko kumachukitsa woimba. Onse aŵili ali na umboni.

Mu khoti, maloya a Napster anatsamila pa mlandu wa 1984 wa kampani ya Sony. Pa nthawiyo makampani a mafilimu anafuna kuletsa makina ojambulila mavidiyo a Betamax, koma khoti ikulu ya America inagamula kuti wopanga makina alibe mlandu ngati makinawo ali na nchito zina zambili zololeka. Napster inati nayo ni makina cabe. Woweluza Marilyn Hall Patel sanavomele, ndipo mu February 2001 khoti ya apilo inagwilizana naye pa mfundo zikulu. Kusiyana kunali apa: Sony ikagulitsa makina, sinali kudziŵa zimene wogula acita nayo ku nyumba. Napster inali na mndandanda m'manja mwake, inali kudziŵa nyimbo zimene zipita, ndipo inali na mphamvu yozitseka. Mndandanda uja umene unaipangitsa kukhala yosavuta kuseŵenzetsa ndiwo unaigwetsa. Mu July 2001 Napster inazima, ndipo mu 2002 kampani inagwa.

Makampani anapambana mlandu, koma madzi akatayika saoleka. Olemba mapulogilamu anaŵelenga cigamulo ca khoti na kutengapo phunzilo imodzi: osasunga mndandanda pa malo amodzi. Kunafalikila Gnutella, LimeWire, Kazaa na BitTorrent, zimene zinalibe geti imodzi yakuti khoti ikhomepo loko. Makampani atasoŵa cocita, anatembenukila kwa omvela. Mu September 2003 RIAA inasumila anthu wamba 261, ndipo pofika 2008 inali itatsata anthu masauzande ambili, kuphatikizapo ophunzila, makolo na ana. Mu 2007 mayi wina wa ku Minnesota analamulidwa kulipila madola 222,000 cifukwa ca nyimbo 24. Anthu anacita mantha pang'ono, koma daunilodi sinaleke. Pofika 2014, ndalama za malonda a nyimbo ku America zinali zitatsika kufika pafupi-fupi theka la zija za mu 1999.

Cimene cinasintha zinthu ni sitolo yabwino kuposa msika wa akawalala. Mu April 2003 kampani ya Apple inatsegula iTunes Music Store, nyimbo imodzi masenti 99, yomveka bwino, yopanda vailasi. Mu wiki yoyamba anagulitsa nyimbo 1 miliyoni. Mu 2008 ku Sweden, dziko imene kunacokela The Pirate Bay, Daniel Ek na Martin Lorentzon anatsegula Spotify. Maganizo awo anali akuti munthu sadzavutika kufufuza nyimbo yakuba ngati angaimvele pamenepo na kudina kamodzi. Wofuna amalipila pa mwezi, wosafuna amamvela mahala koma amamvelako na malonda. YouTube, imene Google inagula mu 2006, inayenda njila yofanana. Kampani ya Viacom itaisumila mu 2007, YouTube inali kale kukonza Content ID, makina ozindikila nyimbo ya mwiniwake mu vidiyo iliyonse, kuti mwiniwakeyo asankhe kuitseka kapena kudyako ndalama za malonda.

Apa ndiye pamene nyimbo za mahala na malonda a pa intaneti zinakwatilana. Walila mvula walila matope. Tinafuna nyimbo zosalipila, ndipo tinazipeza, koma timalipila na maso athu, nthawi yathu, mabando athu, na zimene makampani amadziŵa za ise kuti atigulitse kwa otsatsa malonda.

Nanga ife kuno tinali kuti? Nkhondo yathu inayamba intaneti isanabwele. M'zaka za m'ma 1970, Zambia inali na malonda eni-eni a nyimbo. Ku Ndola kunali Teal Record Company na Zambia Music Parlour ya a Edward Khuzwayo, ndipo boma ya a Kaunda inalamula kuti nyimbo zambili pa wailesi zikhale za kuno. WITCH, Amanaz na a Paul Ngozi anakulila mu nthawi imeneyo. Mtengo wa kopa utagwa, anthu analibe ndalama zogulila malekodi, ndipo makaseti okopa anatenga malo. Lamulo ya Copyright and Performance Rights Act inabwela mu 1994, ndipo ZAMCOPS inayamba kutolela ndalama za oimba. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 Mondo Music inautsanso malonda na oimba monga JK, koma ma CD okopa anali kale pa misika. Pambuyo pake boma inabweletsa ka hologram komata pa ma CD enieni, koma pa nthawiyo nyimbo zinali zitayamba kusamukila mu ma memory card. Napster yathu sinafunike intaneti. Inali mnyamata wa kompyuta mu kantemba, amene adzaza memory card na nyimbo mahandiledi pa ndalama zocepa. Pa memory card palibe pomata hologram.

Manje tili mu nthawi ya kumvela pa intaneti. Boomplay, imene inayamba mu 2015, imabwela kale mu mafoni ambili a Tecno, itel na Infinix. Spotify inafika mu Zambia mu 2021. Koma mvetsetsani mmene ndalama imagaŵidwila. Spotify siika mtengo umodzi pa nyimbo iliyonse imene yamvedwa. Imasonkhanitsa ndalama za olipila pa mwezi na za malonda, imasunga gawo yake, ndiyeno pafupi-fupi magawo aŵili pa atatu amapita kwa eni nyimbo kulingana na kuculuka kwa kumvedwa. Mu dziko imene olipila ni ocepa ndipo otsatsa malonda amalipila zocepa, mphika umakhala ung'ono, conco kumvedwa kwa mu Lusaka sikubweletsa ndalama yofanana na kwa mu London. Kuyambila 2024, nyimbo imene sinamvedwe nthawi 1,000 pa miyezi 12 silandilako kanthu pa mphika umenewo. Ndipo ndalamayo imapita kwa mwini wa nyimbo pa pepala, amene nthawi zambili si amene anaimba.

Mfundo yotsilizayi ndiyo ine niona kuti oimba athu acicepele saiganizila mokwanila. Metallica inakwanitsa kupita ku khoti cifukwa inali na mphamvu pa nyimbo zake. Kwa ife amene timathandiza pa mawailesi a m'madela, si zacilendo kulandila nyimbo pa flash yopanda dzina ya wolemba, yopanda dzina ya wopanga biti, yosalembetsedwa kulikonse. Woimba afuna cabe kuti ilile. Ikachuka, mkangano umayamba: wa situdiyo ati biti ni yake, manijala ati ndiye analipila, ndipo wina anaiika kale pa YouTube pa akaunti yake na kuyamba kudya. Nyimbo za Zamrock zinatulutsidwanso ku America na kampani ya Now-Again patapita zaka zoposa 30, ndipo WITCH inayambanso kuyenda maiko akunja. Nyimbo ingakhale na mtengo pamene mwiniwake wakalamba, ndipo tsiku imeneyo cimene cimakamba ni pepala.

Mbili ya Napster ionetsa kuti khoti ingatseke kampani, koma siingabweze anthu ku njila yovuta akalaŵa yosavuta. Ionetsanso kuti nthawi iliyonse zinthu zikasintha, amene ali pakati pa woimba na womvela ndiye amayamba kudya: kale anali wa fakitale ya ma CD, manje ni wa pulogilamu na wogulitsa mabando. Ngati ndimwe woimba, musanatulutse nyimbo khalani pansi na wopanga biti, mulembe amene ali na gawo yanji, musaine nonse. Lembetsani nyimbo ku ZAMCOPS, ndipo akaunti yoikila nyimbo pa intaneti ikhale mu dzina yanu. Ngati ndimwe womvela, palibe adzakumangani cifukwa ca Bluetooth, koma mukakonda nyimbo ya mwana wa mu komboni yanu, imveleni pa akaunti yake yeniyeni, ndipo akaimba pa shoo, lipilani pa geti m'malo mopempha kuloŵa mahala.