Korali ndi Miyala ya Laimu ya ku Bwana Mkubwa

Mgodi wakale

Pamene azungu awiri, William Collier ndi Jack Donohoe, anafika pa malo amene lero tiwatcha Bwana Mkubwa, pafupi ndi Ndola, m'chaka cha 1902, anapeza maenje amene eni dziko anakumbamo mkuwa kalekale, asanabwere mzungu. Njanji inafika mu 1909, ndipo anthu a mitundu yambiri, Achewa, Angoni ndi Ansenga omwe, anasiya kwawo nadzalembedwa ntchito ku migodi. Koma pansi pa dziko la Ndola pali chuma china chimene sichitchulidwa kawirikawiri, ndicho mwala wa laimu, umene ena amati njereza. Mwala umenewu ukawotchedwa m'ng'anjo usanduka laimu woyengera mkuwa ndi simenti yomangira nyumba zathu.

Nyanja imene inaphwa

Akatswiri a miyala atiuza kuti zaka zoposa 600 miliyoni zapitazo, pamene paima Ndola ndi Kitwe panali madzi a nyanja, ndipo matope oyera amene anadikha pansi pa nyanjayo ndiwo anauma nasanduka mwala wa laimu. Masiku amenewo kunalibe nsomba, kunalibe ng'ona, ngakhale cholengedwa chilichonse chokhala ndi fupa. M'madzimo munali tizamoyo tosaoneka ndi maso, ndipo zizindikiro za miyulu imene tinaunjika zikupezekabe m'miyala ya ku Mufulira. Korali anadza pambuyo pake, choncho munthu asanene kuti laimu wa ku Ndola ndi korali. Koma mwala wake ndi wa mtundu umodzi.

Kodi korali n'chiyani?

Owerenga Buku Lopatulika akumbukira kuti Yobu, m'mutu wa 28, momwe afotokoza za anthu okumba migodi, atchulanso korali pakati pa zinthu za mtengo wapatali. Korali apezeka m'nyanja zamchere, ndipo pafupi ndi ife ali ku gombe la Mozambique, cha ku Pemba, ndi ku Zanzibar, kumene Aswahili anamangira nyumba ndi mizikiti ndi mwala wake. Pomuona ali ngati chitsamba cha nthambi, pomukhudza ndi mwala, koma mwini wake ndi kanyama kofewa, kokhala ndi kamwa ndi timanja toizinga, kamene kamatenga laimu m'madzi n'kudzimangira kanyumba kolimba. Kakafa, ana ake amamanga pamwamba pa kanyumba komweko, mibadwo ndi mibadwo, kufikira patakhala chitunda chimene chingaswe chombo. Amene anaona zulu zazikulu za kuno ku migodi adzamvetsa msanga, pakuti akulu anati chiswe chimodzi sichiumba chulu.

Dokotala amene anasekedwa

Kwa zaka mazanamazana anzeru a ku Ulaya ankaphunzitsa kuti korali ndi chomera. Mu 1706 Mtaliyana wina, Luigi Marsigli, ataika nthambi ya korali m'madzi, anaona tinthu toyera tikutuluka, nalengeza kuti waona maluwa ake, ndipo onse anavomera.

Tsono kunali dokotala wa ku Marseille, dzina lake Jean-André Peyssonnel, amene sanakhutire ndi za m'mabuku, koma analowa m'mabwato a asodzi a korali, napitanso mpaka ku gombe la kumpoto kwa Africa. Iye anaika korali wamoyo m'mtsuko wa madzi a m'nyanja, nakhala pansi kupenyetsetsa. Ndipo anaona kuti maluwa aja akutambasula timanja, ndi kuti akakhudzidwa akubwerera m'kati msangamsanga. Analembera bungwe la anzeru la ku Paris kuti zimenezi ndi nyama. Mu 1727 mkulu wina wa bungwelo, Réaumur, anawerenga nkhaniyo pamaso pa anzake, koma dzina la mlembi analibisa, poopa kuti munthuyo angasanduke choseketsa. Peyssonnel anapita kukagwira ntchito ya udokotala kutali, pa chilumba cha Guadeloupe, ndipo panapita zaka zoposa makumi awiri kuti anzeru a ku London asindikize zimene anapeza. Choonadi chinali ndi iye amene anapita kukaona yekha, ndipo amene anamukana anali anthu a mipando.

Mafuko awiri a nyama

Korali atalandiridwa pakati pa nyama, panatsala funso la banja lake. Mfalansa wina, Jean-Baptiste Lamarck, amene anapatsidwa ntchito yosamala tizilombo ndi nyongolotsi, zimene anzake ankazinyoza, anatulutsa buku mu 1801 momwe anafotokoza za nyama zopanda fupa la msana. Kuyambira pamenepo nyama zigawidwa pawiri. Za fupa la msana ndizo nsomba, achule, njoka ndi abuluzi, mbalame, ndi zoyamwitsa, ife anthu tili momwemo. Zopanda fupa la msana ndizo nkhono, nkhanu, akangaude, njuchi, nyongolotsi ndi korali. Nkhono ili ndi chigoba cholimba, koma chigoba si msana. Njoka ioneka yofewa, koma msana ili nawo wautali ndithu.

Mwa mitundu 100 ya nyama imene yadziwika, yoposa 90 ndi yopanda fupa la msana. Njuchi zibereketsa maungu ndi mango athu, nyongolotsi zifewetsa nthaka ya m'dimba, ndipo mphalabungu, zimene Abemba amati ifishimu, zalera ana ambiri m'makomboni; choncho wogwetsa mtengo kuti atole mphalabungu za tsiku limodzi alanda ndiwo ana a chaka chamawa.

Inu abambo ndi amayi, mukapita kumsika wa Masala ku Ndola kapena wa Chisokone ku Kitwe, penyani kapenta, inswa, nkhuku ndi mphalabungu, ndipo mulembe m'kope lanu zimene zili ndi fupa la msana ndi zimene zilibe, kuti mudzawerengere anzanu m'kalasi.