Dontho la Koller ndi Chule wa ku Vienna

Chisanafike chaka cha 1884, kuchotsa ng'ala m'diso inali ntchito yozunza. Madokotala ambiri ankacheka diso wodwala akumva chilichonse, popeza chloroform ndi ether ankasanzitsa anthu, ndipo kusanzako kunkatha kung'amba bala latsopanolo.

Zinthu zinasintha pachipatala chachikulu cha ku Vienna. Karl Koller, dokotala wa zaka 26, ankafufuza za cocaine pamodzi ndi mnzake Sigmund Freud. Zoti cocaine amachititsa dzanzi lilime zinkadziwika kale, koma Koller ndiye anaganiza zosungunula ufa wa cocaine m'madzi n'kudonthezera m'diso la chule. Atakhudza disolo, chuleyo sanaphethire. Kenako Koller anayesa pa maso ake omwe. Pa 15 September 1884, zotsatira zake zinawerengedwa pamsonkhano wa madokotala a maso ku Heidelberg. Amene anaziwerenga ndi Josef Brettauer, chifukwa mwini ntchito analibe ndalama ya ulendo.

Chinathandiza Koller ndi kapangidwe ka cornea, kachikopa koonekera ka kutsogolo kwa diso. Mulibe mitsempha ya magazi mmenemo, koma mitsempha yomvera ululu ilimo yochuluka zedi, pafupi penipeni ndi pamwamba. Kunja kwake kumalola kudutsa mankhwala osungunuka m'mafuta, pamene m'kati, momwe muli pafupifupi magawo 9 mwa 10 a kuchindikala kwake, mumalola osungunuka m'madzi. Mankhwala okonda mbali imodzi yokha amathera panjira. Cocaine amakwanitsa zonse ziwiri.

Koma anali ndi vuto lake. Ankaumitsa ndi kusupula khungu la pamwamba pa cornea, choncho patapita zaka analowedwa m'malo ndi mankhwala ofatsako monga tetracaine ndi proparacaine.

Akatswiri a pambuyo pake anachenjera. Latanoprost, mankhwala a matenda a maso otchedwa glaucoma, omwe anavomerezedwa ku America mu 1996, anapangidwa mwadala kuti alowe ali okonda mafuta, kenako cornea yomweyo n'kuwasintha kukhala mankhwala ogwira ntchito. Ngakhale zili choncho, pa dontho lililonse logwera m'diso, gawo lolowa m'kati nthawi zambiri silifika 5 peresenti. Lotsalalo limatsika pa tsaya kapena kudzera m'kanjira ka misozi kolowera m'mphuno. N'chifukwa chake anamwino amalangiza wodwala kuti akadontheza atsinzine, adinikize pakona ya diso pafupi ndi mphuno, ndipo adikire mphindi 5 asanathire mankhwala ena.