Kande ndi Maliro a Ofera Kutali

Anthu a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Kande m'dziko la Mfumu Fukamapiri kufikira ku Chintheche, anazolowera kalekale mtundu wa maliro umene uli wowawa koposa onse, ndiwo kulira munthu amene simunamtseke maso, ngakhale kuponya dothi pamanda pake. Pamene amishoni anakhazikika ku Bandawe m'chaka cha 1881, anyamata a Chitonga anayamba msanga kutuluka m'midzi; ena anatenga mfuti nathandiza kampani ya Mandala pa nkhondo yolimbana ndi Mlozi, wogulitsa akapolo, ku Karonga kuyambira 1887, ndipo pambuyo pake ambiri analembedwa usilikali wa Boma, umene mu 1902 unatchedwa King's African Rifles, kapena Keyala m'kamwa mwa anthu.

Asilikali a Nyasaland anapita kutali ndithu. Ku Gumburu, m'dziko la Somaliland, mu April 1903, gulu lao linazingidwa niliphedwa pafupifupi lonse pamodzi ndi mtsogoleri wao, Plunkett. Koma ngakhale dzina la mzunguyo linalembedwa m'mabuku, la mwana wa kumudzi amene anagwa pambali pake linatsala m'mitima ya amake ndi alongo ake okha, ndipo ichi ndi chosalungama chimene John Chilembwe anachidandaula m'kalata yake ya mu November 1914.

Obwerako ku nkhondo ya 1914 mpaka 1918 anadza ndi perete m'miyendo mwao, ndipo m'menemo munabadwa malipenga, gule amene Atonga amanyadira kufikira lero. Gulu lililonse limatchedwa boma, lili ndi mfumu yake ndi akapitao ake, ndipo amuna obvala zoyera, ndodo m'manja, amaguba motsata ng'oma ndi malipenga a zikho. Anthu amati ndi gule wa chimwemwe, ndipo sanama. Koma ine ndikaona mizere ija ndimakhulupirira kuti mudzi umene sunalandire mitembo ya ana ake unasunga mayendedwe ao, pakuti chikumbutso cha Keyala anachimanga ku Zomba, kumene mayi wamasiye wa ku Kande sakanatha kufikako.

Masiku ano ana athu amatumidwa kukasungitsa mtendere, kuti maiko osweka ndi nkhondo amangidwenso. Mu November 2018 asilikali a Malawi asanu ndi mmodzi anaphedwa pafupi ndi Beni ku Congo, ndipo pakati pao panali Chancy Chitete, amene anataya moyo wake populumutsa mnzake wa ku Tanzania wobvulala. Popeza maliro n'kulirana, dziko lonse linakhuza. Mitembo inabwera kwao itakutidwa ndi mbendera, maina anachulidwa pa wailesi, ndipo mu May 2019, ku New York, António Guterres, mlembi wamkulu wa United Nations, anapereka kwa banja la Chitete mendulo ya Captain Mbaye Diagne, ulemu waukulu koposa umene United Nations imapatsa msilikali wosungitsa mtendere chifukwa cha kulimba mtima.