Pamene Midzi ya Asenga Inali m'Malinga

KODI mumatani usiku galu akauwa kuseri kwa khola? Ambiri timayang'ana ngati chitseko nchokhoma ndi kugonanso. Koma makolo a anthu a kwa Kambombo, m'boma la Chama, sakanatha kutero. M'zaka za zana la 19, phokoso la usiku linkatanthauza kuti mwina nkhondo yafika.

Nchifukwa Ninji Adani Ankabwera?

Asenga a m'chigwa cha Luangwa, olamulidwa ndi mafumu onga Kambombo, Tembwe, Chikwa ndi Chibale, anali alimi. Ankalima mapira, fodya ndi thonje, limene ankaombera nsalu. M'chigwamo munalinso njovu zambiri, ndipo minyanga inali pamalonda kugombe la Indian Ocean. Chuma chimenechi chinakopa anthu ambiri.

Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi mu 1835. Iye atamwalira, gulu la M'mbelwa linakhazikika kumapiri a kum'maŵa, kumene tsopano kuli boma la Mzimba m'Malaŵi, ndipo ankhondo ake ankatsikira kuchigwa kudzalanda zakudya ndi anthu. Kumadzulo kunali Ababemba. Panalinso amalonda Achiswahili okhala ndi mfuti, ofuna minyanga ndi akapolo. Chotero Asenga anali pakati pa adani.

Linga

Banja lokhala palokha silikanapulumuka. Motero anthu anasonkhana m'midzi ikuluikulu nazinga mudzi uliwonse ndi linga, ndiko kuti mpanda wa mitengo yozikidwa mothinana. Midzi yambiri inabisika m'zitsamba zoŵirira zaminga, ndipo njira yoloŵera inali yopapatiza kwakuti adani sakanaloŵa onse pamodzi. Dzuŵa likaloŵa, chipata chinkatsekedwa.

Komabe moyo wa m'linga sunali wokoma. Nyumba zinathinana, chotero matenda ndi moto sizinkachedwa kufalikira. Ndiponso minda ndi madzi zinali kunja kwa mpanda, ndipo mayi wopita kudambo kapena mnyamata wolondera mbalame m'mapira akanatha kugwidwa masana.

Kodi linga linkathandizadi? Talingalirani zimene zinachitika mu 1897. M'chakacho amalonda a akapolo, mothandizidwa ndi ankhondo Achibemba, anazinga mudzi wa Mfumu Chibale. Robert Young, wantchito wa British South Africa Company pamalo otchedwa Mirongo, anathandiza eni mudziwo ndi asilikali oŵerengeka, ndipo adaniwo anagonjetsedwa. Mfuti za Young zinathandiza, koma anthu ochepa sakanalimba pabwalo popanda mpanda wobisalamo.

Malinga Agwa

Zinthu zinasintha mofulumira. Angoni a Mpezeni anagonja kwa Angelezi mu 1898, Ababemba omaliza kukana anagonja mu 1899, ndipo Angoni a M'mbelwa analoŵa pansi pa boma la atsamunda mu 1904. Nkhondo zitatha, anthu anayamba kutuluka m'malinga ndi kumanga pafupi ndi minda yawo. Koma mtendere umenewo unadza ndi msonkho wa nyumba, umene mpanda uliwonse sukanautsekera kunja. Amuna ambiri anachoka kukafuna ntchito kutali kuti apeze ndalama zake.

Panthaŵi imodzimodziyo kunachitika chinthu chodabwitsa. Aphunzitsi Achingoni a mishoni ya Livingstonia, m'masiku a Donald Fraser, anatsikira kuchigwa kudzatsegula sukulu pakati pa Asenga. Ana a anthu amene ankabwera ndi mikondo anafika tsopano ndi mabuku, ndipo zipata zinatsegulidwa.

Kodi Tikuphunzirapo Chiyani?

Lerolino mbala zimafuna mbuzi, njinga, kapena matumba a mpunga, ndipo njovu zimaloŵabe m'minda ya m'chigwa. Mbiri ya malinga imatisonyeza zinthu ziŵiri.

Choyamba, chitetezo chinali ntchito ya mudzi wonse. Palibe munthu amene anazika linga yekha, pakuti mutu umodzi susenza denga. Loko wabwino ngwofunika, koma mnansi amene amakudziŵani ndi kudzuka mukakuwa ngwofunika koposa.

Chachiŵiri, linga linali ndi chipata. Makolo ankasiyanitsa mlendo ndi mdani. Wofika masana nanena kuti "Odi!" ankalandiridwa ndi kufunsidwa kumene wachokera. Inunso mukaona munthu wachilendo pakhomo, musathamangire chibonga. Mfunseni muli patali, itanani achikulire, ndipo ngati ali wakuba, mperekeni kwa anyakwaŵa kapena kupolisi. Kumenya munthu pagulu ndi mlandu, ndipo nthaŵi zina womenyedwayo amakhala wapaulendo wosokera chabe.

Mukadzakhala ndi agogo anu madzulo, afunseni ngati akudziŵa pamene panali linga la makolo awo. Ngati akudziŵa, apempheni akakusonyezeni malowo.