Kukunga uta

Kukunga ndi kukoka chinthu n'kuchimanga mpaka chilimbe, chisunge mphamvu: timakunga ng'oma, timakunganso uta. Mawuwa akusonyeza kuti thabwa silikhala uta lisanamve nsinga. Wosema amasankha thabwa la mizere yowongoka, kumsana kumene kumatamuka sakhudzako, koma amapala kumimba pang'onopang'ono, akumakoka nsinga kuti aone ngati mbali ziwirizo zikupindika mofanana. Akapala mopitirira pamalo amodzi, limathyokera pomwepo. Wina anganene kuti utawaleza ulibe nsinga, komabe timautcha uta. N'zoona, koma dzinalo n'lobwereka, ndipo chimene diso linafanizira ndi uta wokungidwa kale. Thabwa losakunga limangokhala chiwongokere, ndipo palibe akanaliyerekeza ndi chija chimaoneka kumwamba mvula ikamakata.