Tikiti yosadzaza: mbiri ya finish ndi complete kuno kunyanja

Mukatsegula dikishonale mupeza kuti finish ndi complete tanthauzo lake ndi limodzi, kumaliza. Agogo athu a kuno kunyanja, kuyambira ku Kande mpaka ku Usisya, sakanavomera zimenezi, chifukwa kusiyana kwa mawu awiriwa kunkawadyera ndalama.

Ngakhale ku England komweko mawuwa ndi obwera. Finish analowa m'Chingerezi kudzera m'Chifalansa, chiyankhulo cha anthu amene anagonjetsa dzikolo mu 1066, ndipo muzu wake ndi mawu a Chilatini otanthauza malire. Complete ndi a Chilatininso, koma iwo amatanthauza kudzaza. Ana anga a Fomu 3 ndimawauza kuti finish ndi kufika pothera njira, pamene complete ndi kuthira madzi mumtsuko mpaka afike pakamwa. Munthu akhoza kufika pothera mtsuko uli theka.

Kwathu kuno Chingerezi chinafika ndi mishoni ya Livingstonia, imene Dr Robert Laws anaisamutsa kuchoka ku Cape Maclear kubwera pa Bandawe mu 1881. Atonga anaikonda sukulu kwambiri. Koma ntchito zoti munthu wophunzira n'kupezera ndalama ya msonkho zinali zochepa, choncho anyamata ambiri analowera kummwera, ku migodi ya Southern Rhodesia ndi ku Joni. Ena sanabwerenso, ndiwo machona aja.

Kumeneko ndi kumene mawu aja analuma. Pa migodi mwezi sunkawerengedwa pa kalendala ayi. Munthu ankapatsidwa tikiti ya masiku 30 ogwira ntchito, ndipo tsiku lililonse bwana ankayenera kuichonga. Malipiro ankatuluka tikitiyo ikadzaza. Ukadwala, tsiku limenelo palibe. Choipa kwambiri chinali cha oboola miyala ndi hamala pa migodi ya golide. Munthu ankatha kuswa thanthwe tsiku lonse pansi pa nthaka mpaka nthawi yoweruka, koma bowo lake likapanda kufika muyezo, tsikulo ankalilemba kuti loafer, lopanda malipiro. Iye wachita finish, thupi lonse likuphwanya, koma mzungu akuti sanachite complete. Motero kontirakiti imene pa pepala inkaoneka ya miyezi yowerengeka inkatalika ndithu, mayi kumudzi akudikira. Mawu a loafer omwewa ndi amene ife tinawasandutsa lova, ndipo zimandiwawa kumva ana akusekana nawo, osadziwa kuti kale ankanenedwa kwa munthu amene wakhetsa thukuta tsiku lathunthu.

Onani kuti wonena kuti ntchito yatha sanali woigwira. Mwana wina wa kuno anatsutsa zimenezi. Clements Kadalie, wobadwira ku Chifira pafupi ndi Bandawe, atatsiriza maphunziro a uphunzitsi ku Livingstonia anapita kummwera, ndipo mu 1919 anayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town. Chaka chomwecho mu Disembala ogwira ntchito padoko la mzindawo ananyanyala. Angerezi kunyanyala amati down tools, kutula zida pansi. Apa wantchito ndiye amene akunena kuti lero zathera pompa.

Pali mawu enanso amene ife a ku Chintheche timawadziwa bwino kuposa ana a mabuku. Kuyambira mu 1964 boma linadzala mitengo ya paini pa Viphya, ku Chikangawa, mpaka mahekitala pafupifupi 53,000. Cholinga chinali choti mitengoyo izitsikira kunyanja kuno, ku fakitale yaikulu yopanga zopangira mapepala imene inayenera kumangidwa ku Chintheche. M'zaka za m'ma 1970 anthu ankayembekeza kuti ntchito yabwera pakhomo, za ku Joni zatha. Mitengo inakula, fakitale osaoneka. Ntchito yotere Angerezi sanena kuti finished, sanenanso kuti completed. Amati shelved, kutanthauza kuti mapepala ake anawaika pa shelefu n'kutseka chitseko. Anzanga ophunzitsa Chingerezi, mukamafuna chitsanzo cha mawu amenewa musavutike ndi za m'buku, ingolozani pawindo.