Ukwati ndi Cuma: ku England ndi kwa Mpezeni

M'caka ca 1813 Jane Austen wa ku England anaturutsa buku lochedwa Pride and Prejudice. M'menemo muli mwamuna wina, Bennet, amene anabala ana akazi asanu, wopanda wamwamuna. Cotero lamulo linati iye akamwalira, nyumba ndi minda zidzagwa m'manja mwa mbale wace, Collins. Mtsikana wina, Charlotte Lucas, anakwatiwa ndi Collins kuti apeze pokhala. Koma Elizabeth, mwana waciwiri wa Bennet, anayamba wamkana Collinsyo, nakananso Darcy, mwini cuma cambiri, kufikira ataleka kupeputsa abale ace.

Nkhani yotere siiri yacilendo ku Mwami ndi m'dziko lonse la Mpezeni. Pakati pa Angoni ukulu wa munthu unaoneka ndi khola lace, pakuti ng'ombe za malowolo ndizo zinacititsa kuti ana akhale a kwa atate wao. Mnyamata wopanda ng'ombe anayang'ana kwa akulu ace kuti amlowolere.

M'caka ca 1898 Azungu anagonjetsa Angoni, namuombera Nsingo mwana wa Mpezeni, nalanda ng'ombe zikwi zambiri. Makola atauma, anyamata anamka ku nchito ku Southern Rhodesia, nabwerako ndi ndalama zao-zao. Ena anakhala cikamwini monga Acewa. Pamenepo mwana wa munthu wamba anatha kufunsira mbeta kumene atate wace sakanafikako.

Cuma cinasanduka, koma mlandu wa Elizabeth ulipobe m'midzi: kodi mbeta ibvomere munthu, kapena cuma cace?